Kukazonda Pusi wa Amuna Anga

Pusi uja sindidamufune ine. Ndiyambe ndanena zimenezi, chifukwa anthu a kuno ku Nsungwi akamakamba nkhaniyi amaikamba ngati ndidabadwa wokonda nyama. Ayi ndithu. Ine ndidakulira kumudzi ku Dowa, komwe pusi ndi mbala ya kumunda, ndipo theka la ubwana wanga lidathera pomugenda ndi miyala m'chimanga. Ndiye tsiku lomwe amuna anga adaimika lole ya kuntchito kwawo pamsewu apo, n'kulowa pageti atafungatira kanthu m'jekete, ine ndidayesa nkhuku ya ndiwo. Atatsegula jeketeyo ndidangoona timaso tiwiri tili tong'o, ndi timanja takuda titagwiritsa batani la malaya awo.

"Bambo, ichinso n'chiyani?" ndidafunsa.

"Mlendo," adatero iwo. "Anthu amamugulitsa m'mbali mwa msewu. Mayi wake adamupha kumunda. Ndikadamusiya akadafa ndi dzuwa."

"Mlendo ndi mame," ndidatero ine. "Akamuke msanga."

Sadakamuke. Adakhala pakhomo pathu zaka zisanu ndi ziwiri.

Amuna anga adali munthu wosalankhulalankhula, koma ndi kapusi kaja ankacheza ngati apeza mnzawo wa kusukulu. Ankakamwetsa mkaka ndi kabotolo ka mwana, kenaka phala la pachala, kenaka buledi woviika mu tiyi wa mkaka, m'kapu yawo yomwe. Adakapatsa dzina, dzina la munthu ndithu, moti akamaitana pakhonde odutsa ankayesa tabereka mwana wa kuukalamba. Ine ndi pusiyo tidali pankhondo. Ankaba tomato m'dengu, ankatsegula chitini cha shuga, ankachotsa mapegi pachingwe zovala n'kugwera m'fumbi, ndipo tsiku lina adandivula duku pamaso pa alendo. Atakula, mano atatalika, tidamumangirira chingwe m'chiuno pamtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba. Bambowo akapita paulendo, mwina milungu iwiri osabwera, womudyetsa ndinkakhala ine. Ndinkamudyetsa, inde, koma chakudya chilichonse chinkapita ndi chitonzo chake.

Ana athu awiri adali atachoka kale. Wamkazi adakwatiwa ku Mzuzu, wamwamuna adapita ku Joni kukafuna maganyu, ndipo ine sindidawaletse, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambi umenewu ndinkaunena mokweza ndithu, ngati munthu wolimba mtima, chifukwa nthawi imeneyo m'nyumba mudali mukadali wina wondiyankha.

Amuna anga adadwala shuga, adagonekedwa m'chipatala milungu itatu, basi n'kutisiya. Tidakawaika kumudzi. Maliro a m'tauni sachedwa kutha. Sabata yoyamba nditabwerako anthu ankadzaza pabalaza. Mwezi woyamba amayi a kumpingo ankabwera Lachinayi lililonse kudzaimba nane. Kenaka aliyense adabwerera ku mavuto ake, ndipo sindikuwanena, nanenso ndidachitapo zomwezo kwa ena. Ana ankaimba foni Lamulungu masana. Masiku ena onsewo pakhomo pankangoti zii. Ndinkatha kudzuka, kusesa, kuphika, kudya, kutsuka mbale, dzuwa mpaka kupendeka, ndisadatsegule pakamwa ndi munthu. Ine amene anzanga ankandinena kuti ndimalankhula ngati wailesi.

Chomwe chidatiyanjanitsa ndi pusi ndi malole. Mumsewu wathu mumadutsa malole a mchenga ndi njerwa, ndipo ina ikaima pafupi, mabuleki n'kulira, pusi uja ankakwera gwafa mpaka pomwe chingwe chathera, n'kusuzumira kugeti. Tsiku lina ndidazindikira kuti nanenso ndaimitsa tsache, khosi ndatalikitsa, ndikuyang'ana komweko. Tidayang'anana. Tidali zitsiru ziwiri pabwalo limodzi, tikudikira munthu amene ine ndidamuponyera dothi ndi dzanja langali.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kutulutsa mpando wa bambo n'kumauika pansi pa gwafa. Pusiyo ndinkamuuza zonse: zomwe abusa alalikira, zomwe mkamwini wanga wa ku Mzuzu walakwa, za bondo langa lomwe limawawa kukamazizira. Ankamvetsera bwino kuposa anthu ambiri omwe ndimawadziwa, ndipo sankakazinena kwa wina. Pamsika wina adanditsina khutu kuti anthu ayamba kunong'ona, akuti mayi wamasiye uja amacheza ndi chinyama masana dzuwa likuswa mtengo, ndani akudziwa zomwe amapangana. Ndidamuuza kuti akawauze abwere adzacheze nane okha, pusi apume. Sadabwere. Akulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, koma sadanene kuti wachiwiriyo akhale wamtundu wanji.

Cholakwa changa chidali pachingwe. Sindinkadziwa kuti amuna anga ankachimasula nthawi ndi nthawi, n'kuchimanganso motakasuka pusi akamanenepa. Ine ndikati ndimugwire m'chiuno ankandionetsa mano, ndiye ndidangosiya. Patatha chaka ndi miyezi chimwalirire bambo, pusi adayamba kukana chakudya, ngakhale buledi wa mu tiyi. Kenaka ndidaona ntchentche zikumutsatira, ndipo nditayandikira ndidamva fungo. Chingwe chidali chitalowa m'mnofu kuzungulira chiuno chonse, ubweya utachiphimba. Ndidakhala pansi pompo, m'fumbi. Tsiku ndi tsiku ndinkamudandaulira za bondo langa, iye akudyeka m'chiuno.

Aneba anga a kuseri kwa mpanda, mayi a kumpoto ogwira ntchito ya unamwino, adasuzumira n'kuona zonse.

"Amama, apa pafunika anthu odziwa," adatero. "Mumzinda muno alipo malo osamalira nyama zakutchire. Mukawaimbira amabwera okha. Ndiponso pusi sasungidwa pakhomo, malamulo amaletsa."

Ndidapsa mtima. Ndidawauza kuti ayang'ane za nkhuku zawo zomwe zimandithera mpiru m'kadimba, za pakhomo panga azisiye. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita masiku awiri ndidakagogoda ndekha pageti pawo, maso ali pansi, kukapempha nambala ya anthu aja.

Adabwera atatu pa galimoto, ali ndi bokosi lobowolabowola. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso kutengedwa, koma palibe adandikwezera mawu. Dokotala wa nyama adamubaya jakisoni wogonetsa, adadula chingwe, adatsuka bala. Wina ankandifunsa mafunso n'kumalemba: dzina lake ndani, wakhala zaka zingati, amadya chiyani, adaonapo pusi mnzake. Funso lomalizalo ndidayankha kuti ayi, ndipo ndidadabwa kuti sindidaliganizirepo n'kale lonse. Adamunyamula ali mtulo. Sadandione n'komwe pomwe galimoto inkatuluka.

Nditawauza ana pafoni, onse adati ndachita bwino. Wa ku Joni adati chinyama chija chinkangonunkhitsa pakhomo. Wa ku Mzuzu adati tsopano palibe chondimanga, ndipite ndikakhale kwa iwo, koma adanena mwa ulemu chabe, ndipo ndidakana mwa ulemu chabe. Miyezi isanu ndidapirira. Sindinama kuti ndinkadera nkhawa bala lake, poti adali m'manja mwa madokotala. Chomwe ndinkafuna n'chakuti wina andione, andidziwe, asangalale kuti ndabwera. Ndipo amene adakhala nafe tsiku ndi tsiku m'zaka zomaliza za bambo, amene ankadziwa kakhosomolo kawo ndi kayendedwe kawo monga ine, adali pusi ameneyo basi.

Ndiye Loweruka lina, nyengo yotentha, ndidati ndikamuzonde. Kwathu wodwala sitimuzonda chimanjamanja. Munthu akagonekedwa umamukonzera chomwe amakonda n'kupita nacho chikadali chotentha, ndipo amene wafika manja ali lende anthu samuiwala. Ndidakazinga mtedza wopanda mchere, ndidaphika mbatata, ndidasankha nthochi zakupsa bwino pamsika, ndidadula buledi, tiyi wa mkaka n'kuthira mu fulasiki yomwe ndinkapita nayo kuchipatala kwa bambo. Zonse m'basiketi, pamwamba n'kuphimba kansalu koyera. Ndidavala chitenje chatsopano ndi nsapato za kutchalitchi.

Mu minibasi yopita kudepoti ndidakhala ndi mayi wina wochezeka, amene adangoona basiketi ndi fulasiki n'kudziwiratu.

"Pepanitu mayi. Ndani ali m'chipatala?"

"Wachibale," ndidatero.

"Akudwala chiyani?"

"Bala la m'chiuno."

"Iii, mabala a masiku ano! Ayezetse shuga. Nanga akupezako bwanji?"

"Ndikaona komweko."

Adati amupempherera wodwalayo, ine n'kuthokoza. Sindidaone chifukwa chokanira pemphero.

Kudepoti ndidakwera minibasi ina, n'kutsika pomwe adandilozera kondakitala. Ndakhala mu Lilongwe zaka zoposa makumi atatu, koma sindinkadziwa kuti mumzinda momwemu muli nkhalango yeniyeni. Ukangolowa pageti phokoso la galimoto limatsalira kumbuyo, mitengo ndi yakale, italiitali, ndipo kamphepo kake n'kozizira ngakhale kunja kukuwotcha. Anthu adalipo ambiri tsikulo, mabanja ndi ana awo, gulu la sukulu litavala yunifolomu, azungu angapo ndi makamera awo. Pawindo lolembetsera adandifunsa kuti, "Muli angati, amayi?" Ndidacheuka kumbuyo ngati kuli wina, n'kuyankha kuti ndili ndekha.

Vuto lidayamba ndi basiketi. Mlonda wa pageti lachiwiri adatukula kansalu, adaona nthochi ndi mtedza, n'kupukusa mutu.

"Amayi, kudyetsa nyama n'koletsedwa. Ngati ndi kamba wanu, mukadyere pamabenchi apo."

"Si kamba wanga. Ndabwera kudzazonda wodwala."

"Wodwala? Kunotu si chipatala cha anthu."

"Kuwerenga ndimadziwa, bambo, chikwangwani ndachiona. Wodwala wanga ndi pusi."

Anthu a pamzere adayamba kuseka, ena mobisa, ena mosabisa. Ine nkhope ndidaumitsa. Mlondayo ataona kuti mayi uyu sasuntha, adatumiza uthenga mkati, ndipo patapita kanthawi kudatulukira bambo wina wa imvi za apo ndi apo, atavala ovolosi ndi majombo. Adali wosamalira apusi, ndipo kalankhulidwe kake kankamveka kuti ndi wa kumpoto. Adandiyang'ana pang'ono n'kumwetulira.

"Amama a ku Nsungwi! A pamtengo wa gwafa. Ndine ndinkalemba mayankho anu uja."

N'zachibwana, koma kungomva kuti munthu wandikumbukira, m'maso mwanga mudatentha. Ndidafulumira kumufunsa za wodwala.

"Bala linapola kalekale," adatero. "Tiyeni tiziyenda, ndikufotokozereni bwino. Koma basiketi itsale kwa alonda."

Ndidaisiya monyinyirika, ndipo mlondayo ndidamuchenjeza kuti fulasiki asaigoneke.

Tidatsata kanjira ka m'mitengo. Adandionetsa ng'ona ili chigonere padzuwa pafupi ndi dziwe lake. Adandionetsa gwape wa miyendo itatu, mwendo wachinayi udatsalira mumsampha wa waya. Padalinso kadzidzi wothyoka phiko, amene anthu adamugenda padenga la nyumba ina poti amaitana maliro, ndi nsato yomwe idapezeka m'khola la nkhuku. Nyama iliyonse idali ndi nkhani yake, ndipo m'nkhani iliyonse mudali munthu. Ndidati ndiwaikire kumbuyo amuna anga, ndidamuuza kuti wathuyo ndiye adachita kupulumutsidwa, akadafera m'mbali mwa msewu.

"Ambiri amatero, amama, ndipo mtima wawo umakhala wabwino," adatero bamboyo. "Koma wogulitsa akaona kuti kagulidwa, mawa amakapha mayi wina kuti apeze kamwana kena."

Zimenezo sindidazikonde. Munthu adagona kale kumanda, sangadziyankhire. Ndidangoyenda, maso ali patsogolo kufuna apusi.

"Zimene mukuonazi," adapitiriza, "ndi zomwe sizingabwererenso kutchire. Zizikhala konkuno mpaka kufa, ndiye alendo amaloledwa kuziona. Koma zomwe tikufuna kukazitulutsa zili mbali ina, kosafika alendo."

"Nanga wanga ali mbali iti?"

"Kosafika alendo, amama. Ndi mwayi wake umenewo."

Mwayi wakewo ine sudandikhudze. Ndidaima panjira pomwepo n'kumuuza kuti ine si mlendo, pusiyo ndamudyetsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndakwera maminibasi awiri ndi bondo lowawa, ndipo sindibwerera ndisadamuone. Adandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera. Zikuoneka kuti sindidali woyamba. Kenaka adandikhazika pachipika n'kundifotokozera momwe amagwirira ntchito.

Adati pusi woleredwa pakhomo amafika kumeneko asakudziwa kuti ndi pusi. Wanga milungu yoyamba adamusunga yekha kuti bala lipole, ndiponso kuti aone ngati alibe matenda. Kenaka adamuika pafupi ndi apusi ena, pakati pali waya. Atangowaona adakuwa ndi mantha, n'kuthawira kukona komwe kunkadutsa antchito, manja atatambasula kuti wina amunyamule. Zipatso zakutchire ankazinunkhiza n'kuzitaya, kudikira buledi. Padatenga miyezi kuti alole mnzake kumuyandikira.

"Ndiye ife ntchito yathu yaikulu si mankhwala ayi," adatero. "Ntchito yathu ndi yoti aiwale anthu. Kumeneko sitiyankhula, sitiseka, sitiwayang'ana m'maso. Chakudya timamwaza iwo asakuona. Dzina munatiuza lija tinangolilemba m'buku, palibe analiitanapo."

"Aiwale anthu kuti zitani? Anthu tidamulakwira chiyani?" Nditangofunsa ndidakumbukira chingwe, koma mawu adali atatuluka kale. Iye sadandikumbutse.

"Pusi wokonda anthu, tikakamusiya kutchire, sakhalako. Amatsata utsi mpaka kumudzi, kukalowa m'khitchini mwa munthu ngati kwawo. Inu mwakulira kumudzi, mukudziwa zomwe amamuchita pusi kumeneko."

Ndinkadziwa bwino lomwe.

"Tsono amene walephera kuiwala sitimutulutsa. Amatsala muno, m'waya, moyo wake wonse. Wanu wachita bwino kwambiri, koma sitinafike poti tinene kuti zatheka. Atati abwerere kwa anthu panopa, ntchito yonse yagwa."

Kenaka ndidapempha, mopanda ukali tsopano, kuti ndingomuona ndi maso basi, ngakhale patali. Adakanda m'mutu, adandisiya pachipika paja n'kupita kukafunsa akuluakulu ake. Adatenga nthawi. Mabanja ankandidutsa, ana akukoka makolo awo kuti akaone ng'ona, ine ndili phee ndi kachikwama kanga pamiyendo. Atabwera adati andilola kamodzi kokha, pamalo pomwe iwo amabisala akamaonerera apusi.

"Koma amama, osayankhula, osatsokomola, osatulutsa dzanja. Makamaka dzina. Mundilonjeze."

Ndidalonjeza.

Tidalowa pakageti kokhoma, n'kuyenda monyang'ama mpaka pampanda wa bango wautali kuposa munthu. Pabangopo adasiya timipata toikapo diso. Kuseri kwake kudali bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi waya, muli mitengo ndi udzu, ndipo apusi adali ponseponse, ena m'nthambi, ena pansi akufukula masamba. Onse otuwa, onse nkhope zakuda. Ine ndinkati pusi wathu ndingamudziwe pakati pa apusi zikwi, koma apa mutu udaima.

Kenaka ndidaona wina ali yekha pakona, wowonda, atakumbatira maondo, akuyang'ana kunjira. Ndidati ndi ameneyu, wandisowa, akudikira ine. Ndiulule tchimo langa: ndidasangalala. Ndidasangalala kumuona ali yekhayekha ndiponso wowonda, chifukwa zinkatanthauza kuti nanenso pali amene amandisowa. Ndidamukodola bambo uja n'kuloza ndi chala.

Adapukusa mutu, n'kuloza m'mwamba.

Panthambi yaikulu ya mkuyu padagona pusi wonenepa, wa ubweya wosalala, mwendo umodzi uli lende, dzanja atalikweza kuti mnzake afike bwino m'khwapa. Mnzakeyo, wamkazi, ankamufuna nsabwe pang'onopang'ono, kutola tizinthu n'kumaika pakamwa. Wogonayo adali atatsinzina. Atatembenuka ndidaona mzere wopanda ubweya kuzungulira chiuno, ndipo ndidamudziwira pamenepo. Pa zonse zomwe ndidamuchitira, chomwe chidatsala pathupi pake choti ndimudziwire chidali chipsera cha chingwe.

Nsanje idandigwira, ine mayi wamkulu ndi imvi zanga, kuchitira nsanje pusi wamkazi. Pansi pa gwafa paja, ndikavula duku, iye ankakhala kumsana kwa mpando n'kumandifuna nsabwe zomwe ndidalibe, tizala take tozizira tikuyenda pang'onopang'ono kuseri kwa khutu, ine n'kumaodzera. Chichokereni iye, palibe chamoyo chidandigwirapo m'mutu. Kumpingo timagwirana chanza, basi.

Ndidasendera kukhutu kwa bambo uja n'kunong'ona, ngakhale ndidalonjeza. "Atandiona angandidziwe?"

Adandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti adalingalira zondinamiza. Koma adanong'ona zoona. "Kwambiri. Atangomva mawu anu atsika pompano. N'chifukwa chake tabisala."

Zikadakhala bwino akadandinamiza. Akadati waiwala, ndikadalira pang'ono n'kubwerera kwathu. Koma tsopano ndidadziwa kuti chomwe ndidadzera chili pomwepo, pafupi zedi, ndipo chikungodikira liwu limodzi. Ndikadangoitana, akadadumpha panthambipo, akadathamangira kuwaya, akadatulutsa timanja kuti ndimugwire. Wina akadasangalala kuti ndabwera. Ndipo akadakhala kuseri kwa waya mpaka kufa, alendo akumuloza.

Dzina lija lidakwera mpaka pakhosi. Ine si munthu wodziwa kumeza mawu. Ndidayankhapo apongozi, ndidayankhapo abusa, ndipo amuna anga ankati ndikadzafa pakamwa padzatsala pakulankhula. Ndidatenga nsonga ya chitenje n'kuiluma.

Sindikudziwa ngati ndi mphepo idamupititsira fungo langa, kapena bango lidagwedera. Adatsegula maso, adadzuka n'kukhala tsonga, n'kuyang'ana kumpanda wa bango, pomwe padali ine ndendende. Adatalikitsa khosi. Bambo uja adandigwira pamkono, osati mwamphamvu, kungondikumbutsa. Misozi inkatsikira pachitenje chomwe ndidaluma, ndipo ndinkaopa ngakhale kufwenthera. Sindikudziwa kuti tidakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Kenaka kapusi kena kakang'ono kadalumphira mchira wake n'kuukoka, iye adatembenuka mokwiya n'kukathamangitsa mpaka pamwamba pa mkuyu, ndipo masamba adawabisa onse.

Tidabwerera osayankhulana mpaka titatuluka pakageti kaja. Nsagwada zinkandiwawa. Kwa alonda ndidatenga basiketi yanga, nthochi ndi mtedza ndidawasiyira kuti agawane, ndipo palibe adasekanso. Wosamalira apusi uja adandiperekeza mpaka kumsewu. Adandiuza kuti mvula ikagwa bwino, zakudya zikachuluka kutchire, gulu lonselo adzalitengera kunkhalango ina yakutali, kopanda midzi pafupi, n'kukalitsegulira.

"Mwachita zamphamvu lero, amama," adatero. "Ngati mukufuna, mubwerenso asanapite. Ndidzayankhulanso ndi akuluakulu."

Ndidaganiza pang'ono. Ndinkafuna kuvomera ndi mtima wanga wonse.

"Ayi, bambo," ndidatero. "Pakamwa panga ndimapadziwa. Ndikabweranso ndidzamuitana."

Sadandikakamize. Adandiimitsira minibasi, n'kundithandiza kukweza basiketi.

Ndidafika ku Nsungwi dzuwa likadali pamwamba. Aneba anga anamwino aja ankaanula zovala, ndipo poti m'mawa ndidawauza komwe ndikupita, adasuzumira pampanda n'kufunsa momwe timamufunsira munthu wochokera kuchipatala.

"Mwamupeza bwanji wodwala, amama?"

"Wachira," ndidatero. "Wachiriratu. Safunikanso womuzonda."

"Tithokoze Mulungu."

"Tithokoze," ndidatero, ndipo ndinkanena zoona. Ndidalowa m'nyumba, ndidatseka chitseko ndi mawindo kuti asamve, ndidakhala pansi nsapato zikadali kuphazi, n'kuitana dzina lija mokweza, katatu konse, m'nyumba mopanda munthu.